Mbande yowokera dzulo siyezedwa lero: za timu yanu ndi osewera atsopano

Lolemba lapitali ndinakhala ndi mutu wometedwa theka kwa mphindi pafupifupi 20. Magetsi analipo bwinobwino, chinavuta ndi mpira. Mnyamata amene amandimeta pafupi ndi msika wa pa boma pano anazimitsa makina n'kuwaika pa tebulo, kuti manja onse awiri amuthandize kufotokoza chifukwa chake kochi wa timu yake ayenera kuchotsedwa ntchito sabata ino isanathe. Timuyo sinditchula, ndikufunabe kumakameta pomwepo. Yasewera magemu asanu: yapambana awiri, yafanana mphamvu kawiri, yagonja kamodzi. Pa benchi panali bambo wina wa kabaza, wa timu ina, amene anyamata ake apambana magemu anayi mwa asanu. Iyeyo anali atayamba kale kufunsa ngati chikho adzabwere nacho mpaka kuno ku Kasungu kuti tidzachione, kapena adzangothera ku Lilongwe.

"Akochi, inuyo mumazidziwa izi," anatero wometayo. "Munthu tamugula ndalama zonse zija, magemu asanu alibe ngakhale chigoli chimodzi. Ameneyu anabwera kudzasewera kapena kudzadya?"

Ndinamupempha kuti amalize kaye mutu wanga. Yankho lake ndi limene ndikulemba panoli, chifukwa funsoli ndimalimva chaka chilichonse, pa depoti, pa bawo, ngakhale pa maliro anthu akamakumba manda. Ndaphunzitsa mpira kwa zaka zambiri, ku sukulu ndi ku matimu a m'maligi aang'ono a m'chigawo chapakati chino, ndipo ndalakwitsapo kangapo pa nkhani yomweyi, monga muonere kutsogoloku.

Tiyambe ndi masamu, poti ndi osavuta. Ligi yathu yaikulu, imene kwa zaka zambiri taidziwa ndi dzina loti TNM Super League, ili ndi matimu 16. Timu iliyonse imasewera magemu 30, ndiye kuti pali mapointi 90 olimbirana. Magemu asanu ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a sizoni yonse. Timu ya wometa uja ili ndi mapointi 8, ya wakabaza ili ndi 12. Kusiyana kwake ndi mapointi 4, amene angathe kufufutika pa Loweruka awiri okha. Matimu amene akhala akutenga ligiyi m'zaka zaposachedwapa amafika mapointi 60 kapena kuposerapo, kutanthauza mapointi awiri pa gemu iliyonse ukawagawa. Timu ya mapointi 8 ikusowa awiri okha kuti ikhale pa liwiro limenelo. Penate imodzi yophonya, kapena mbendera imodzi ya wothandizira woyimbira imene inakwera molakwika, ndiye nkhani yonse imene yandisiya ndi mutu watheka.

Amene timakhala m'mavidiyo shoo kuonera ya ku England tili ndi zitsanzo zimene tinaziona ndi maso. Mu sizoni ya 2023/24, Tottenham inasewera magemu 10 oyamba osagonja, inapeza mapointi 26 ndipo inali pamwamba. Masapota ake kuno ankayenda chodzikweza, sumakhoza kuwalankhula. Inamaliza pa nambala 5. Mu Novembala 2020, Manchester City inali pa nambala 13 itasewera magemu 8, ndi mapointi 12 okha, koma inatenga ligi motalikira yachiwiri ndi mapointi 12. Sindikuti tebulo la koyambirira ndi lopanda ntchito. Mapointi amene wapeza mu Epulo palibe angakulande mu Novembala, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma tebulolo limangokuuzani zimene zachitika. Zimene zichitike mawa sizikhala pamenepo.

Ndiye ziyang'anidwe kuti? Funso loyamba limene ndimafunsa munthu wodandaula kapena wodzitama ndi loti: mwasewera ndi ndani, ndipo mwasewerera kuti? Anthu ambiri amakumbukira zigoli koma amaiwala zimenezi. Magemu asanu a timu ina akhoza kukhala atatu a pakhomo ndi matimu amene angolowa kumene mu ligi. Magemu asanu a timu inzake akhoza kukhala ndi ulendo wa ku Karonga, wina wa ku Chitowe ku Dwangwa, kenaka n'kukumana ndi Bullets kapena Silver. Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Karonga ndi makilomita oposa 800, ndipo basi yake imadutsa pompano pa M1, timaiona. Wosewera amene wakhala chopinda miyendo tsiku lathunthu, n'kukatsikira m'kutentha kwa kunyanja, sangathamange ngati mmene amachitira pakhomo. Kwa zaka zambiri matimu ankati akapita ulendo wautali ankasewera Loweruka ndi Lamulungu motsatizana kuti apulumutse ndalama za mafuta ndi malo ogona, ndipo gemu ya Lamulungu inkakhala ya anthu otopa. Pointi imodzi ya koyenda kotero nthawi zina imalemera kuposa zitatu za pakhomo, kungoti tebulo silidziwa kulemera kwake.

Palinso bwalo. Pa Kamuzu Stadium pali kapeti, mpira umathamanga ndipo umapita kumene wautuma. Mabwalo ambiri a m'maboma ndi a udzu wachilengedwe, wina wothothoka, ndipo mpira umadumpha mwa wokha. Ife a ku Kasungu tinaziona bwino pamene TN Stars inkasewera mu Super League pa Kasungu Stadium: matimu a mayina ankabwera ndi mpira wawo wopatsirana pansi, n'kutuluka thukuta kufunafuna kuti mpirawo ukhazikike. Ndipo bwalo lomwelo limasintha ndi nyengo. Sizoni yathu kawirikawiri imayamba mvula ikamatha, udzu uli wobiriwira, nthaka ili yofewa. Pofika Seputembala ndi Okutobala nthaka yauma gwa, fumbi lili kobo, dzuwa likuswa mtengo. Timu imene ikuwala mu Meyi ndi timipira tafupitafupi iyenera kudzapeza njira ina nthawi imeneyo. Ndikamaonera gemu ya koyambirira kwa sizoni, ndimadzifunsa kuti mwa zimene ndikuonazi, ndi ziti zidzakhalepobe mu Okutobala.

Funso limenelo ndi limene limatifikitsa pa zigoli zenizenizo. Chigoli ndi chigoli pa bolodi, koma kwa mphunzitsi zigoli sizifanana. Pali zimene timu ingathe kuzibwereza sabata ndi sabata, ndi zina zimene zimabwera kamodzi ngati mphatso. Tonse timakumbukira chimene Gabadinho Mhango anamwetsa pa gemu ya Flames ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, mpira wochokera kutali kwambiri umene unadutsa pamwamba pa goloboyi. Dziko lonse linachilankhula. Koma palibe kochi wanzeru amene angamange timu pa chiyembekezo choti munthu wake azimwetsa chotero Loweruka lililonse, ndipo gemu ija tinagonja 2-1 chifukwa anzathuwo ankafika pa golo pathu mobwerezabwereza. Mpira womenyera kunja kwa bokosi umalowa mwa apo ndi apo. Mpira womenyera pafupi, pakati pa golo, wosewera atapatsidwa ndi mnzake wochokera m'mbali, umalowa kawirikawiri. Penate ndiye pa zinayi zilizonse pafupifupi zitatu zimalowa. Akatswiri a kunja amawerengera zimenezi pa kompyuta, koma inu simufunika kompyuta. Tengani bolopeni ndi kapepala. Nthawi iliyonse imene timu yanu yamenya mpira ili mkati mwa bokosi, wosewera ali ndi mpata woyang'ana golo, lembani kamzere. Chitani chimodzimodzi kwa adani anu. Mukatero magemu atatu kapena anayi, mudzadziwa zambiri kuposa munthu amene waloweza tebulo.

Ndinamufunsa wakabaza uja kuti zigoli za timu yake zabwera bwanji. Anawerenga pa zala: ziwiri za penate, chimodzi wotchinga kumbuyo wa adani anadzimwetsa yekha, china goloboyi anataya mpira m'manja. Ndinangoti chikomekome cha mkuyu, n'kusiyira pomwepo, chifukwa kumaliza mwambiwo pamaso pa anthu a mpira kukanayambitsa mlandu wina ndi a Manoma, masapota a Wanderers amene amatchedwanso Nyerere, omwe anali pakhomo. Timu yake ikhoza kukhaladi yabwino. Koma zinayi mwa zigoli zake ndi zoti sangazidalire. Wometayo, ndi kudandaula kwake konse, anavomera kuti anyamata ake amenya chitsulo cha golo katatu ndipo goloboyi wa adani ndi amene anasankhidwa kukhala wosewera bwino pa magemu awiri. Ndikadakhala wobetcha, ndipo sinditero, ndikadaika ndalama yanga pa timu ya wodandaulayo.

China choyang'ana ndi mphindi za pakati pa 60 ndi 75. Chigawo choyamba aliyense amathamanga, ngakhale amene anathera tchuthi chonse pa mowa. Kukonzekera kwa timu kumaonekera ola likakwana. Onani otchinga kumbuyo a m'mbali: akapita kutsogolo, akubwerera chothamanga kapena choyenda, manja ali m'chiuno? Onani mpata wa pakati pa osewera kumbuyo ndi osewera pakati: ukukula? Timu yotopa imatalikirana, ndipo mpata umenewo ndi umene adani amalowerapo. Koma apanso pafunika kudekha. Makochi ena amalemetsa dala zokonzekera kuti anyamata adzafike pachimake pakati pa sizoni, pamene zikho monga Airtel Top 8, FDH Bank Cup ndi Castel Challenge Cup zikupanikizana ndi ligi. Timu yotero imaoneka yolemera miyendo mu masabata oyamba. Ena amapepukitsa kuti ayambe ndi moto, asangalatse mabwana ndi masapota, kenaka pofika Ogasiti minofu ya kuseri kwa ntchafu yayamba kuduka mmodzimmodzi. Bullets ya kochi Kalisto Pasuwa, imene inatenga ligi kasanu motsatizana ndipo mu 2023 inasesa ligi ndi zikho zitatu zonsezo, sinachite zimenezo ndi anthu 11. Kuti ufike Disembala uli ndi mpweya pamafunika benchi, makamaka masiku ano pamene malamulo amalola kusintha osewera asanu. Ndiye mukamayeza timu yanu muziyang'ananso amene akulowa, ngati mpira ukutsika kapena ukukhala pomwepo iwo akalowa.

Tsopano za munthu wogulidwa uja, amene wometa akuti anabwera kudzadya.

Ife a kuno sitifunika kuphunzitsidwa za mbande. Aliyense amene anawokerapo fodya, kaya ku Santhe, ku Chamama kapena ku Nkhamenya, amadziwa mmene munda umaonekera mawa lake. Mbande imene dzulo inali chilili pa nazale lero yagona, masamba ali lende, ngati yafa. Mlendo wochokera m'tauni akhoza kunena kuti mwataya ndalama. Mlimi sadandaula, amadziwa kuti mizu ikufunafuna dothi latsopano, ndipo pakapita masiku idzuka. Amadziwanso kuti si zonse zimadzuka, zina zimafadi ndipo pamafunika kupakiza. Luso lake ndi kusiyanitsa yofota ndi yakufa, ndipo sazula tsiku lachiwiri kuti aone ngati mizu yagwira.

Wosewera watsopano amafota chimodzimodzi, ndipo zifukwa zake zambiri sizioneka pa bwalo. Mnyamata wachoka ku Mzuzu kapena ku Karonga, wafika ku Blantyre. Akugona m'nyumba ya timu ndi anthu asanu amene sakuwadziwa, kapena akusakasaka nyumba ya lendi. Mkazi ndi mwana atsala kwawo. Ndalama yosainira mwina analonjezedwa yonse koma walandira theka, ndipo abale kumudzi anamva pa wailesi chiwerengero chonse, foni ikungolira. Wazolowera kondowole kapena mpunga, apa akupatsidwa zina. Mwina wadwalapo malungo sabata yachiwiri, ndipo munthu amene wachira malungo amatenga nthawi kuti mphamvu zibwerere m'miyendo ngakhale akuoneka bwino pankhope. Zonsezi sapota amene ali pa sitandi sazidziwa, amangoona kuti munthu wachedwa ndi phazi limodzi.

Pa bwalo penipeni pali chinthu chimene sichigulidwa ndi ndalama, ndicho kudziwana. Womwetsa zigoli amadya za anzake. Ku timu yake yakale panali munthu wapakati amene ankadziwa kuti uyu akatsamira kumanzere ndiye kuti athamangira kumanja, ndipo mpira unkanyamuka iye asanayambe kuthamanga. Ku timu yatsopano wapakati amadikira kuti aone kaye, ndipo theka la sekondi limenelo ndi lokwanira kuti mbendera ikwere kapena wotchinga atseke. Kumeneko ankasewera ndi timu imene imakhala kumbuyo n'kumathawitsa mpira, ndiye kutsogolo kwake kunkakhala bwalo lonse loti athamangemo. Wabwera ku timu yaikulu imene adani ake onse amadzaza anthu m'bokosi, mpata wothamangamo palibe, akufunika kuphunzira kulandira mpira atafulatira golo munthu ali pamsana. Ndi ntchito ina, ngakhale nambala ya pa jezi ili yomweyo. N'chifukwa chake anyamata ambiri amene amawala ku matimu aang'ono amazima akafika ku Maule (Bullets), ku Manoma kapena kwa Mabanker (Silver), ndipo anthu amathamangira kunena kuti amulodza kapena wayamba kunyada. Zoterozo sindingazitsutse pa munthu aliyense, koma kawirikawiri chimene chasintha ndi mpata.

Thierry Henry atafika ku Arsenal mu 1999 kuchokera ku Juventus, anasewera magemu 8 osamwetsa. Kochi wake Arsène Wenger anali akumuchotsa m'mbali kumuika pakati, ndipo munthuyo ankaoneka wosokonezeka. Anadzamaliza ndi zigoli 228, kuposa wina aliyense m'mbiri ya timuyo. Akadakhala kuno, gemu yachisanu akadatuluka pa geti atabisala m'basi.

Ndiye wosewera watsopano tizimuyeza ndi chiyani, ngati si zigoli? Ine ndimayamba ndi funso loti anagulidwa kudzatseka dzenje liti. Timu ikhoza kugula dzina lalikulu pa malo amene inali kale ndi anthu awiri abwino, n'kusiya kumbuyo kuli chitsegukire. Kugula kotero ndi kwa mabwana ofuna kuwomberedwa m'manja, ndipo mudzakuzindikira poona kuti kochi akumusuntha munthuyo malo gemu iliyonse, kusowa pomuika. Koma ngati chaka chatha munkamwetsedwa zigoli za kona ndipo agula wotchinga wamtali wodziwa kulumpha, muyezeni ndi makona, osati ndi kukongola kwa mapasi ake. Kachiwiri, ndimamuyang'ana pamene alibe mpira. Pa mphindi 90 wosewera amakhala ndi mpira kuphazi mphindi zochepa kwambiri, nthawi ina yonse akuyenda, akuthamanga, akuima. Sankhani mphindi 10 pa gemu, musiye kutsata mpira, mutsate iye yekha. Kodi akutembenuza mutu kuyang'ana kumbuyo mpira usanamufike? Akupezeka pa malo oti chigoli chikadalowa mnzake akadamuona? Timu ikataya mpira akuthamangira kutseka kapena akukweza manja kudandaula? Womwetsa amene akuphonya ali pamalo oyenera sandidetsa nkhawa, zigoli zibwera. Amene amandiopsa ndi amene sakuphonya n'komwe chifukwa sapezekapo.

Chachitatu ndi anzake. Osewera amadziwana msanga kuposa ife tonse. Ngati pofika gemu yachinayi anzake akumupatsa mpira pamene zinthu zathina, ndiye kuti ku maphunziro aona kanthu. Ngati akumudumpha n'kupatsira wina amene ali pamalo ovuta, pali nkhani, kaya ya luso kaya ya m'chipinda chovalira. Nthawi zina nkhaniyo ndi ya malipiro: watsopano akulandira kawiri kuposa amene akhala zaka zisanu, ndipo akalewo akuti tiyeni tione ndalama zakezo zimwetse.

Ndinalonjeza kunena za kulakwitsa kwanga. Chaka china, ndikuphunzitsa timu ina ya m'ligi yaing'ono kuno, tinaitana anyamata kudzayesedwa. Panabwera awiri amene ndimawakumbukirabe. Woyamba anali wamtali, nsapato zatsopano zofiira, ndipo pa gemu yoyeserera anamwetsa zitatu. Anthu amene anazungulira bwalo anayamba kuimba dzina lake tsiku lomwelo, ndipo akuluakulu a komiti anandikokera pambali n'kunena kuti, "Akochi, ameneyu asagone kunja, asaine lero." Wachiwiri anali wamfupi, wochokera kumudzi cha kumpoto kwa boma lino, anabwera pa njinga atabwereka nsapato zomukulira, anachita kufutsamo mapepala. Sanamwetse, sanadyetse munthu njomba ngakhale imodzi. Ndimakumbukira kuti ankangolandira n'kupereka, kulandira n'kupereka, ndipo kawiri konse ndinamuona akuloza mnzake pamalo oti aime. Tinasaina onse awiri, woyamba ndi ndalama, wachiwiri ndi lonjezo chabe. Magemu anayi oyamba wamtali uja anamwetsa zinayi, ine n'kumayenda ngati ndatola chikwama. Wamfupiyo ndinamuyambitsa kawiri, anaoneka wamantha, masapota anamukuwiza, ndipo ndinamukhazika pa benchi mpaka anasiya kubwera ku maphunziro. Sindinamutsatire. Pofika pakati pa sizoni matimu onse anali atadziwa kuti wamtali uja ali ndi phazi limodzi ndipo amatembenukira mbali imodzi, anamutseka, sanamwetsenso. Chaka chotsatira tinakumana ndi timu ina ya boma loyandikana nalo, ndipo pakati pawo panali wamfupi uja, atavala nsapato zomukwana. Anatiyendetsa bwalo lonse osathamanga n'komwe. Gemu itatha anabwera kudzandipatsa moni ndi manja awiri, "Mwaswera bwanji akochi," ndipo ndinasowa poyang'ana. Amene anandisocheretsa si komiti kapena masapota. Ndinali nditaona ndi maso anga zala zija zikuloza, koma ndinasankha kumvera phokoso.

Phokosolo masiku ano lakula chifukwa cha foni. Kale munthu ankadikira wailesi kapena nyuzipepala ya Lolemba. Pano gemu isanathe kavidiyo ka masekondi 20 kafika kale pa WhatsApp ndi pa Facebook, kosonyeza watsopano uja akuphonya golo ili pululu, ndipo anthu 200 amene sanaonere gemu aweruza kale. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Kavidiyoko sikasonyeza kuti anathamanga mamita 40 kuti apezeke pamalopo. Osewera nawo ali ndi mafoni, amawerenga zonse, ndipo mnyamata wa zaka 20 amene watukwanidwa ndi mtundu wonse amalowa gemu yotsatira akuopa mpira. Amayamba kubisala kuseri kwa wotchinga kuti asapatsidwe, ndipo pamenepo ndiye kuti masapota apanga okha chimene ankachinenacho.

Musandimve ngati ndikuti sapota azingokhala chete mpaka Disembala. Pali zizindikiro zimene ngakhale pa gemu yachitatu zimandidetsa nkhawa, ndipo sizikhudza tebulo. Timu ikamamwetsedwa chigoli cha mtundu umodzi sabata iliyonse, tinene kona yoponyedwa pa chitsulo chakutali, ndiye kuti ku maphunziro sakukonza, kapena akukonza koma osewera sakumvera. Kochi akamasintha anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi gemu iliyonse popanda ovulala, ndiye kuti sakudziwabe timu yake, ndipo nthawi yokonzekera inapita pachabe. Osewera akamakalipirana poyera chigoli chikalowa, goloboyi kuloza wotchinga, wotchinga kuloza wapakati, pali chimene chikuwola mkati. Ndipo mukamva kuti anyamata anyanyala maphunziro chifukwa cha malipiro kapena mabonasi, iwalani za kachitidwe ka pa bwalo, vuto lili ku ofesi. Timu ya njala ikhoza kupambana magemu awiri ndi mkwiyo, koma siifika nawo patali. Zoterezi ndi zimene sapota ayenera kufunsa mokweza, m'malo mofuna mutu wa kochi chifukwa chofanana mphamvu koyenda.

Za kuchotsa kochi ndinene pang'ono. Timu imachotsa kochi nthawi imene zinthu zafika poipitsitsa, ndipo zinthu zikafika poipitsitsa kawirikawiri zimayamba kubwerera pakati zokha, tsoka silikhalitsa monganso mwayi. Watsopano akapambana magemu awiri timati wabweretsa mzimu, chonsecho mwina ndi mipira ija inkamenya chitsulo yayamba kulowa. Nthawi zina kusintha kumafunikadi. Koma wobwerayo amapeza osewera amene sanawasankhe, ndipo malamulo a FIFA amalola nyengo ziwiri zokha zolembetsa osewera pa sizoni, ndiye ayenera kudikira ya pakati pa sizoni kuti abweretse ake. Akabweretsa, nawonso ndi mbande zatsopano, ayambirenso kufota, ndipo mwezi wa Okutobala wafika.

Ine ndimayamba kunena maganizo anga pa timu ikasewera magemu 10, itayenda maulendo angapo, itakumana ndi akuluakulu awiri kapena atatu, itagonjapo n'kuonetsa mmene imadzukira. Pa wosewera watsopano ndimadikira raundi yoyamba ithe, magemu 15, pokhapokha ngati zizindikiro zija za kusapezeka pamalo zili zoonekeratu. Alimi a fodya amene amapita ku Chinkhoma amadziwa kuti mabelo oyamba amakhala a masamba a pansi, ndipo palibe amene amawerengera phindu la chaka ndi mtengo wa belo loyamba.

Zonsezi ndinamufotokozera wometa uja mwachidule, makina akulira pa khutu langa. Anamvetsera, akugwedeza mutu, mpaka anavomera kuti Loweruka likubwerali atenga kapepala ndi bolopeni, ndipo kwa mphindi 10 adzatsata munthu wawo watsopanoyo yekha. Wakabaza anaseka n'kunena kuti iye kapepala sakufuna, tebulo likumukwanira, ndipo anatuluka chifukwa kunja kunali kasitomala wa ku Mtunthama. Ndikulipira, mnyamatayo anandibwezera chenji n'kufunsa motsitsa mawu, "Koma akochi, akapanda kumwetsanso Loweruka, ndiye kuti ndi magemu 6. Henry uja munati angati?"

Ndinati 8. Anawerenga pa zala, n'kunena kuti amupatsa mpaka 8, osapitirira.